Mwala Wotuluka Magazi

Botolo lachitatu likamatha, aliyense amasanduka katswiri. Ndi mmene zinalili m'bala muja ndi mkulu wina amene anzake ankamutcha Injiniya.

"Aise, m'sitolo ya ndolo ndi mikanda ija muli mwala wakuda bii, wonyezimira. Dayamondi ameneyo! Dilu yake ndi yophweka ngati kumeza malovu," anatero Injiniya kwa anzake awiri, Chimutu ndi Tenala.

Chimutu anavomera asanamvetse n'komwe. Koma Tenala, amene kale ankaimba kwaya, anazengereza. Mkazi wake anali atamuuza kuti akadzangogwidwanso ndi zakuba, banja lathera pomwepo.

"Kano n'komaliza," anadziuza, monga amanenera wochimwa aliyense.

Mawa lake masana, Chimutu anakomoka mwabodza pakhomo pa sitolo. Mwini sitolo, bambo wachikulire wachifundo, anathamangira madzi, mwala n'kulowa m'thumba mwa Tenala.

Vuto linabuka pogawana. Panalibe wokhulupirira mnzake kuti akagulitse yekha.

"Tiudule patatu," anagamula Injiniya, n'kuyatsa makina ake onolera nkhwangwa. Tenala anagwira mwala, Chimutu akuthira madzi.

Madziwo anayamba kutsika ali psuu.

"Wadzicheka ndani?" anakuwa Injiniya.

Aliyense anaona zala zake. Zinali bwinobwino.

"Ndi mwalawu!" analira Tenala. "Ukutuluka magazi! Abale anga, miyala yomwe yayamba kutinenera kwa Mulungu!"

Anapukutira manja pamalaya, malaya nawonso psuu. Basi analiyatsa liwiro kubwerera kusitolo, akuimba nyimbo yolapa ndi mawu ake okoma aja. Anzakewo anamuthamangira kuti amutseke pakamwa, nawonso manja ali ofiira. Anthu pamsewu anati kwaphedwa munthu, ndipo khamu linawalondola, wapolisi ali pakati.

Tenala anagwada pamaso pa mwini sitolo. "Bambo, tikhululukireni. Tavulaza mwala wanu."

Mkuluyo anavala magalasi. "Uwu? Ndi hematayiti, mwana wanga. Agiriki akale anatenga dzinali ku mawu awo otanthauza magazi, chifukwa ukaupera, fumbi lake limafiira. Si dayamondi ayi. Ine ndimangopsinjira mapepala kuti asauluke." Anacheukira patebulo pake, n'kudabwa. "Kodi unabedwa?"

Wapolisi anatulutsa maunyolo akumwetulira.

Pamene atatuwo ankatulutsidwa m'sitolo, Tenala anamva mawu amene ankawadziwa bwino kuchokera m'khamu lija.

"Mwaimba bwino, bambo a kwaya," anatero mkazi wake. "Makiyi a nyumba mudzawapeza kwa aneba."