Mmene Ndinasandutsira Apongozi Anga Fisi

Masiku ano ndikamadutsa pamsika wa Bembeke ndimakokera chipewa mpaka m'mphuno. Anthu amati ndi chisanu. Chikhala chisanu bwenzi zili bwino.

Ndine mphunzitsi, ndiponso mkamwini. Pali pulogalamu ina yophunzitsa ana kuwerenga, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana. Eni ake amalola aliyense kuitenga ulere, kuisintha, n'kutulutsa yakeyake. Ine ndinaitenga kuti ndipange ya Chichewa. Mwana akakhudza chithunzi, pamamveka kulira kwa chinthucho.

Anthu ajawo ndi abwino mtima, ndipo ubwino wawowo ndi umene unandipha. Pulogalamu yanga ankaitcha mwana wawo. Anandipatsa malo patsamba lawo la pa intaneti, ndipo mayi wina wa m'gululo, aLinda, ankayankha mafunso anga onse, ndi opusa omwe.

Pa mawu akuti "kuseka" panafunika munthu woseka. Apongozi anga aakazi akaseka padimba, amamveka mpaka kumsewu. Ndinatuma mkazi wanga kukawapempha (mkamwini sangangofika n'kuti "tasekani"). Anavomera, mpaka anavala chitenje cha kutchalitchi ngakhale tinkajambula mawu okha. Kulira kwa fisi ndinakutenga m'nkhokwe ya eni pulogalamu. Tsikulo magetsi ankathimathima, ndiye ndinalumikiza zonse mothamanga n'kutumiza osamvetseranso.

Posakhalitsa aLinda anandilembera: "Fisi wanu ndi wodabwitsa! Waposa wathu uja. Munamujambula kuphiri?"

Munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinangoti azungu amayamikira chilichonse, n'kuyankha kuti, "Zikomo, kuno alipo ambiri."

Anapanga kakanema kolengeza pulogalamu yanga, n'kukafalitsa paliponse. Sindinakaonere, bando ya intaneti inali itatha, koma ndinakatumiza kwa anthu onse a m'foni mwanga, ndi ankhoswe omwe.

Tsiku loonetsa makolo linafika. Kalasi inadzaza, ahedi anabwereka sipika ya kuparishi, apongozi anakhala kutsogolo atauza anzawo onse a m'limana kuti lero amvekera m'kompyuta. Ndinakhudza ng'ombe, inalira. Tambala, analira. Anthu m'manja phuphuphu. Kenako ndinakhudza fisi.

Abale, panatuluka apongozi anga. Kuseka kwawo kwenikweni, ndi kakutsokomola kakumapeto komwe, pansi pa chithunzi cha fisi wotuluka dovu.

Mayi wina kumbuyo anati, "Iii, si amake Tereza awo?"

Pofuna kukonza zinthu (musandifunse chifukwa chake) ndinakhudza msanga chithunzi cha gogo womwetulira, cha "kuseka" chija. Gogoyo anati, "Uuuwi!"

Apongozi anaimirira, anamanga chitenje, ndipo polankhula sanayang'ane ine, anayang'ana mkazi wanga.

"Tereza, uwafunse amuna akowa. Amandiona ndikuyenda usiku?"

Kwathu kuno mukudziwa amene amayenda ndi afisi. Ankhoswe anabwera madzulo omwewo. Ndinagwada, ndinalongosola za magetsi, ndinapereka tambala wanga yekhayo. Apongozi anati amva, koma fisiyo afe.

Ndinakonza pulogalamu yanga n'kulembera aLinda kuti afufute kwawonso. Anapepesa kwambiri. Anati kakanema achotsa, koma fisi wanga anali atamukonda moti anamuika kale m'pulogalamu yaikulu, ndipo ana ake ena, mapulogalamu a zilankhulo zina, anatengera momwemo. "Tiwapempha," anatero, "koma kuwakakamiza sitingathe. Chilolezo chimene chinakulolani inu kutenga ndi chomwecho chawalola iwo."

Ndiye pamene ndikulemba pano, kwinakwake kutsidya kwa nyanja kuli mwana amene akuphunzira kuti fisi amalira ngati apongozi anga. Ndipo pofuna kundilemekeza, analemba dzina langa pansi pake, kuti dziko lonse lidziwe wojambula.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti chichitikireni zimenezi apongozi sanasekenso ine ndili pafupi. Ndikatulukira padimba amatseka pakamwa ndi nsalu. Tereza amandiyankha, koma mawu amodziamodzi.

Sabata yatha aLinda analembanso. Akuti gulu lonse likufuna kundilimbikitsa, ndiye ndiwajambulire kadzidzi, nkhumba ndi bulu wa ku Malawi. Ndinawayankha kuti abale amene ndatsala nawo ndi ochepa, ndikufuna ndiwasunge.