Mipando Makumi Anayi pa Chitunda cha ku Croydon

Mpaka lero ndikaona mpando wopinda, khosi limayamba kundiwawa lokha. Nkhaniyi kwathu ku Dowa sindinauzepo munthu, ndiye mukakumana ndi mayi anga musayambitse.

Ndinali nditatha miyezi isanu ndi inayi ku Croydon, kudziko la azungu kuno, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ocheza nawo anga anali agogo achizungu, ndipo ena ankandiiwala ndikangotseka chitseko. Lamlungu ndinkapita kutchalitchi kumene kumasonkhana Amalawi, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Mapemphero akatha anthu ankaima m'timagulu n'kumaseka, ine n'kumayang'ana foni ngati munthu wodikira uthenga wofunika. (M'foniyo munkangobwera mauthenga a mashifiti.)

Ndiye tsiku lina a Gondwe, mkulu wa mpingo, anandigwira paphewa.

"Iwe mnyamata wa ku Dowa, paja umayendetsa?"

"Eya, bambo."

"Thirela unakokapo?"

Apa pankafunika kunena zoona. Koma aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu andifune, ndipo kwathu mkulu akakutuma sumayamba ndi kufotokoza zimene sudziwa. Ndinaganizanso kuti ngolo ya ng'ombe ya bambo anga ndinayamba kuyendetsa ndili Sitandade 5. Kangolo ka matayala awiri kokokedwa ndi galimoto kakanandivuta pati?

"Ndinakokapo, bambo."

"Very good. Loweruka tili ndi phwando la Khirisimasi ku holo ya kumtunda kuja. Ine ndi mayi tili pa shifiti mpaka masana. Ukatenge galimoto yanga, ukasiye katundu isanakwane thu koloko. Kiyi ukaipeza pansi pa mphika wa maluwa."

Anandilembera nambala yawo pakapepala, amvekere ndikavutika ndiimbe. Sabata yonseyo ndinkadziona ndili pakati pa kagulu, wina akundifunsa kuti, "Achimwene, Fanta kapena Coco?"

Loweruka ndinadzuka kunja kuli mbuu. Kusukulu tinkawerenga kuti chipale chofewa, kuno amangoti sinowo, ndipo ine ndinali ndisanaipondepo. Galimoto ya a Gondwe inali chigalimoto chachitali, zokoka ndi matayala onse anayi zija, kangolo atakakoleka kale kumbuyo. M'galaja munali mipando yopinda makumi anayi, masipika awiri, makireti khumi a zakumwa, ndi ndowa ya mandasi. Ndowayo ndinaikhazika pampando wakutsogolo n'kuimanga lamba.

Tsono cholakwa changa chinachokera ku mtima wabwino. Bambo anga anali ndi lamulo limodzi pa ngolo: usalemetse khosi la ng'ombe. Ukaunjika matumba kutsogolo, goli limakanikiza ng'ombe, ndipo madzulo khutu lako limadziwa. Nditayang'ana kachitsulo kokolekapo kangolo, ndinaona khosi. Galimoto ya eni, yonyezimira chonchi, ine ndiithyole khosi? Makireti onse ndi masipika ndinazikankhira kumbuyo kwenikweni, mipando yopepuka kutsogolo. Nditayesa kunyamula mpini wa kangolo, unadzuka ndi chala chimodzi. Ndinadzitamandira ndekha, poti panalibe wina.

Pamalo athyathyathya zinayenda bwino. Koma kum'mwera kwa Croydon kuli zitunda, ndipo njira ya ku holo imayamba yatsikira m'chigwa isanakwere. Nditangoyamba kutsetsereka, ndinaona pagalasi kangolo kakugwedeza m'chiuno ngati mayi wolowa m'bwalo la chimtali. Kumanja, kumanzere, kumanja kwambiri.

"Hoo! Sitima, hoo!"

(Sitima inali ng'ombe yathu yakumanja. Inafa kalekale. Sindikudziwa chifukwa chake ndi imene ndinaitana.)

Kenako ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Galimoto sinaime, inangoyamba kuseseleka mwaulemu, pang'onopang'ono, ndipo kangolo kanazungulira n'kubwera kudzandisuzumira pawindo. Tinakaima pansi pa chigwa titapindika ngati chigongono, mphuno ya galimoto ili mu mpanda wa maluwa wa eni. Ndinatsika n'kuzungulira galimoto katatu. Sinakalike paliponse. Mandasi anali bwinobwino.

Ndinawongola movutikira n'kuyamba chitunda. Tinakwera pang'ono, matayala n'kuyamba kuzungulira pamodzimodzi, kenako tonse n'kubwerera chambuyo mpaka pomwe tinachokera. Kawiri. Katatu.

Ndinatulutsa kapepala ka nambala. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndikawauza kuti chiyani, ine amene ndinati ndinakokapo? Ndinakabwezera m'thumba.

Kwathu ngolo ikakanika chitunda, njira yake ndi yodziwika. Umaika mwala kuseri kwa tayala, umatsitsa katundu, umamusenza kukamusiya pamwamba, ngolo n'kukwera yopanda kanthu. Mwala ndinaufuna mpaka m'mipanda ya anthu, koma dziko lino analisesa lonse. Ndinatchinga ndi kireti. Kenako ndinapinda sikafu yanga kukhala nkhata, n'kuyamba ndi mipando poti ndi imene inali yopepuka. Isanu pamutu, ulendo.

Maulendo asanu ndi atatu, abale anga, nsapato zanga zakutchalitchi zikuterereka, zala zitauma ngati chinangwa. Makatani a m'nyumba ankasuntha pang'ono n'kubwerera. Galimoto imodzi inandilambalala, woyendetsa anandimwetulira n'kupitirira. Kwathu pofika nthawi imeneyo pakanakhala amuna khumi okankha, ena makumi awiri opereka nzeru, ndi mayi wina wofunsa kuti ndine mwana wa yani. Apa panali zii, moti ndinkamva mipando ikugundana pamutu panga ndi mpweya wanga womwe.

Nditatsika ulendo womaliza ndinapeza bambo wina wokalamba, mzungu, ataima pa kangolo ndi fosholo. Anayang'ana makireti, anayang'ana ine, anayang'ana nkhata.

"Wapakira ndani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ine, bambo. Ndimaopa kulemetsa galimoto."

"Zolemera kutsogolo, mwana wanga. Ukaika kumbuyo, kangolo kamanyamula matako a galimoto, ndiye kamene kamayendetsa ndi iko."

Anatsegula chibokosi chachikasu cha m'mbali mwa msewu, chimene miyezi yonseyi ndinkachiyesa cha zinyalala. Munali mchenga wosakaniza ndi mchere. Anawaza m'njira ya matayala, ine ndikukankhira makireti kutsogolo, n'kundiuza kuti ndikwere pang'onopang'ono osaima. Galimoto inakwera ngati palibe chinachitika. Nditapakiranso mipando pamwamba paja, ndinatsika kuti ndikathokoze bwinobwino, ndi manja awiri. Anali atalowa kale. Sindinadziwe ngakhale khomo lake.

Pa holo ndinafika itadutsa folo koloko, kukuyamba kale kuda monga kumachitira nyengo yozizira. Ndinali nditakonza mawu opepesera. Koma chitseko chinali chokhoma, magetsi ozima, ndipo pa sinowo ya pakhomo panalibe phazi la munthu ngakhale limodzi.

Apa ndiye ndinaimba.

"Ndafika, bambo. Zonse zilipo, palibe chosweka."

"Wafika kuti?"

"Pa holo."

"Pa holo? Phwando tasuntha, mphwanga, ndi sinowo imeneyi ndani angayende? Tinalemba pa gulu leveni koloko. Sunaone?"

"Gulu liti, bambo?"

"La pa foni, la mpingo." Kenako anafunsa kuti, "Iwe sulipo?"

"Sindilipo, bambo."

Ndinamva akupumira m'mwamba, kenako akunong'oneza akazi awo. Leveni koloko ine ndinali ndisanasenze mpando ndi umodzi womwe. Ndikanangoimba pansi pa chigwa paja, khosi langa likanapulumuka.

"Sorry kwambiri, mphwanga. Ndikuika pompano. Paja dzina lako ndani?"

Ndinawauza. Kenako ndinatsitsa mpando umodzi mwa makumi anayi aja, n'kuutambasula pakhomo pa holo, n'kumasula lamba wa ndowa. Ndinadya mandasi anayi, ozizira ngati miyala imene ndinaisowa ija. Ndili pa lachitatu foni inanjenjemera: andiika pa gulu. Palibe analemba kanthu. Ndinakhalabe ndikuyang'ana dzina langa pamndandanda, pansi penipeni, mpaka zala zinakana kugwira foni.

Masiku ano pa gulupo ndimadziwika. Wina akamasamuka kapena akagula firiji, amati itanani wa thirela uja, ndipo zolemera ndimaika kutsogolo. Zonena zoona kwa akulu ndiye zikundivutabe. Dzulo a Gondwe alemba kuti denga la galaja yawo likudontha, kodi alipo amene anakonzapo denga? Kwathu ndinafolerapo nkhokwe ziwiri. Ndayankha kale.