Mabowo a mu Sola ya Apongozi

Anzanga, mpaka lero ndikakumbukira munthu amene anatcha kanthu kaja kuti bowo, mtima umachita kuwira. Mawu onse ali padziko panowa, iye n'kusankha bowo?

Ine ndimaphunzitsa fizikisi pasekondale ina kuno ku Chintheche, kwathu ndi ku Mulanje. Loweruka lina ndinapita ku Bandawe kukaonekera kwa Ada Manda, bambo ake a Tiwonge, mkazi amene ndinkafuna kumanga naye banja. Tiwonge anandichenjezeratu kuti ndikapereke moni, ndikadye kondowole, ndikatseke pakamwa. Chovuta n'chiyani pamenepo?

Ndiye mdala uja n'kudandaula kuti sola yake, imene amatchajira batire ya nyali zophera usipa, yayamba ulesi. Pagalasi pake fumbi linali mbuu, kungopukuta basi nkhani ikanatha. Koma ine, chitsiru cha digiri, ndinati apongozi adziwe kuti mwana wawo sakupita kwa munthu wamba. Ndinakokera mpando pafupi n'kuyamba kalasi: mkatimo muli zigawo ziwiri zosanjikizana, china chodzaza maelekitironi, china chodzaza mabowo, dzuwa likawomba mphamvu ya pamalire pake imakankhira maelekitironi uku mabowo uko, magetsi n'kutuluka. Tiwonge anatsokomola kukhitchini mpaka kutsamwa, ine osamva.

"Ndiye mabowo akachepa, moto uchepa?" anafunsa Ada Manda.

Ndinavomera mokondwa, n'kuwonjezeranso kuti akufakitale amachita kuikamo dala mabowowo. Mpaka ndinawayamikira kuti amamva msanga kuposa ana anga a Fomu 4. Ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa!

Lolemba lake Tiwonge anandiimbira kuti ndifike pompano, osati mawa. Ndinapeza sola ili pamkeka, msomali ndi hamala pambali, galasi lonse litanyenyeka ngati shuga, asodzi a bwato la mdalayo atazungulira manja ali m'chiuno. Usipa uli pachimake, nyali zonse zili zii. M'malo mogwada n'kupepesa, ndinapsa mtima n'kuyamba kukalipira apongozi pamaso pa antchito awo, kufunsa kuti ndi mbuli iti yawauza zoboola sola. Zala zonse zinaloza ine.

Apa ndiye ndinayamba kulongosola kuti bowo limene ndinkanena si bowo lenileni, ndi malo chabe amene elekitironi yachokapo, lilipo ndithu koma silioneka ndi maso. Ndikulankhula choncho ndikudzimva ndekha kuti ndikumveka ngati sing'anga wabodza.

Ada Manda anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anatola hamala yawo, n'kunena mosakweza mawu, akunditchula mphunzitsi m'chinenero chawo:

"Yewu, asambizi, tamva. Ukwati wanu nawo ulipo ndithu, kweni suoneka ndi maso."

Tiwonge sakuyankha foni mpaka pano, ndipo ndikadutsa pagombe asodzi amandifunsa ngati bwato nalo lingathamange ataliboola. Ndalumbira, munthu akadzandifunsanso kuti sola imagwira bwanji ntchito, ndidzangoloza dzuwa n'kupempha kansanza kopukutira.