Dambo Lanu Lasamukira M'nyumba Mwanga

Kwa Wolemekezeka Mkulu Woyang'anira Dambo Lotetezedwa,

Bwana,

Ine, kalaliki wopuma pantchito, wokhala kunsi kwa mpanda wanu, ndavala jekete polemba kalatayi, ngakhale mapazi ali m'madzi.

Choyamba, ndikuthokoza kuti munathamangitsa odula bango, pamodzi ndi mlamu wanga, amene chilimwe chilichonse ankalambula ngalande yapakati. Iye anakuchenjezani kuti bango likasiyidwa limatseka njira ya madzi. Sindikudandaula kuti simunamumvere. Inenso sindimumvera, pakuti amalankhula chakudya chili m'kamwa. Tsoka lake, ulendo uno ananena zoona.

Chachiwiri, bango lakula mwaufulu, ngalande yatsekeka, ndipo madzi, pokhala osaphunzira, sanawerenge chikwangwani chanu chosonyeza malire. Atembenukira kwanga. Dziwe lanu lauma gwa, ndipo mbalame zimene munalumbira kuziteteza zatsata madziwo. Akakowa atera pa chingwe choyanikapo zovala. Achule akuchitira msonkhano m'nsapato zanga zakutchalitchi. Dzulo ndinapeza mlamba pansi pa tebulo, ndipo sindinaukhudze, pokumbukira lamulo lanu.

Chachitatu, ndikuyamika nsanja yokongola imene munamangira alendo oonera mbalame. Tsopano amakwera pamenepo n'kulozetsa magalasi awo pakhomo panga. Bafa langa, Bwana, lilibe denga.

Chachinayi, ndipo apa mtima ukuwawa: mayi akunyumba, amene takalamba limodzi, apita kwa mng'ono wawo. Anena kuti anakwatiwa ndi kalaliki, osati bakha, ndipo abwerera pokhapokha pansi patauma. Mvula ikubwerayi ikapeza ngalande ili chitsekekere, ndifera pa umbeta.

Choncho, popeza lamulo likuletsa munthu kugona m'dambo lotetezedwa, ndipo dambolo tsopano lili kuchipinda kwanga, ndikupempha modzichepetsa chilolezo chogona pa bedi langa. Ngati chimenechi n'chovuta, mubwezereni mlamu wanga chikwakwa chake chimene alonda anu analanda.

Koposa zonse, mudzabwere, Bwana, mudzalione dambo lanu ndi maso, pakuti ndamva kuti mumalidziwa bwino kwambiri pa mapu. Musavutike ndi majombo. Mlamu wanga wavomera kudzakuberekani kumsana. Amadziwa popondera, ndipo walonjeza kuti akafika pozama ayesetsa kuiwala za chikwakwa chija.

Ine wanu womvera, wonyowa kufika m'mawondo,

Kalaliki Wopuma Pantchito