Zithunzi za ubatizo zimene sindinajambule

Mukadzafika kwathu ku Zingwangwa n'kupempha kuona zithunzi za m'tchalitchi za ubatizo wa mwana wanga woyamba, akazi anga adzatsokomola kawiri n'kukulozerani kwa ine. Ine ndidzayamba kukufunsani ngati tiyi mumamwa wa mkaka kapena wopanda mkaka. Nkhaniyi ndaibisa zaka zambiri, koma poti mwanayo wandipitirira kale msinkhu, bola ndiulule mtima upepuke.

Zinachitika nthawi imene makamera a digito ankangoyamba kumene kuoneka m'manja mwa anthu opeza bwino. Ine, munthu wofika paphwando mbale zikutsukidwa, ndi nthawi imeneyo ndinagula kamera ya filimu. Ndinaipeza pa kaunjika mumsika wa Ndirande, yolemera ngati nsimbi ya makala, ili ndi lamba wake wachikopa. Nditaikoleka m'khosi ndinayenda wapansi mpaka pa siteji yachitatu kuti anthu andione bwino.

Mnzanga wa kuntchito ku Makata ndiye anandiuza za kagulu ka madoda okonda filimu, amene ankakumana Loweruka ndi Lamlungu masana kwa a Kambwiri ku Chilomoni. A Kambwiriwo anali atapuma ntchito yosindikiza mabuku, ndipo bafa la m'nyumba mwawo anali atalisandutsa chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi (mayi a pakhomopo anachita kumangiridwa lina panja, ndipo nkhani imeneyi sinkatchulidwa iwo ali pafupi). Panalinso Che Amadu a ku Mbayani, okonza mawotchi ndi makamera, munthu wosunga mawu ngati amachita kugula.

Anandilandira ngati mbale wawo wosochera. Kamera yanga inayenda dzanja ndi dzanja. Wina anainunkhiza, wina anaiika kukhutu n'kudina batani kuti amve kulira kwake.

"Iyi ndiye kamera, achimwene," anatero a Kambwiri. "Osati zidole zikubwerazi, zoti munthu wajambula n'kuyamba kusuzumira kumbuyo. Khalani pansi, kuyambira lero ndinu wathu."

Che Amadu anaipukuta bwinobwino, kenako anandionetsa kaikidwe ka filimu.

"Lilime la filimuli lilume mano awa," anatero akuloza m'kati. "Mukatseka, mukamakoka chokokerachi, diso likhale pa kachitsulo kozungulira ka kumanzereka. Kakamazungulira ndiye kuti filimu ikuyenda. Kakangoti phee, mukujambula mphepo."

"Ndamva, ndamva," ndinayankha ine. Sindinamve chilichonse. Maganizo anga anali kale pa khoma la a Kambwiri, kufunafuna pamene chithunzi changa choyamba chidzapachikidwe.

Sabata yomweyo kunyumba kunafika apongozi anga aamuna, a Domingo, kuchokera ku Nsanje. Anabwerera ubatizo wa mwana wathu, amene tinamutcha dzina lawo. Anali okalamba ndithu, ndipo basi inawavulaza msana moti tsiku loyamba anangogona. Tsiku lachiwiri anandiitana pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Akamwini," anatero, "miyendo yanga yatha. Mapiri anu a kunowa sindidzakweranso. Ndikufuna chinthu chimodzi basi, chithunzi, ine nditanyamula mnzanga wa dzinayu. Ndikachipachike kwathu ndizimuona."

Akazi anga anati tiuze wojambula uja amaima ndi njinga yake panja pa tchalitchi Lamlungu lililonse. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati n'zochititsa manyazi kuitana wojambula wina m'nyumba muli kale wojambula. Loweruka lake a Kambwiri anandiuza kuti ndibweretse filimuyo andiikire, poti tsikulo linali lalikulu. Ndinawathokoza n'kunena kuti ndiika ndekha. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Lamlungu m'mawa ndinaika filimu, kutseka, n'kunyamuka ndili mu suti ya ukwati wanga. Pa geti la tchalitchi wojambula wa njinga uja anatithamangira.

"Mabwana, za ubatizo? Ndikupangirani zabho."

"Kuno ayi, mani," ndinatero ndikusisita kamera pachifuwa. "Tili naye wathu."

Zimene ndinachita m'tchalitchimo Mulungu yekha andikhululukire. Ndinagwada, ndinanyonyomala, ndinakwera pa benchi. Nthawi ina ndinagona chammbali pafupi ndi mapazi a amayi a kwaya, moti mmodzi anakoka chitenje chake n'kusuntha. Pofika pothira madzi ndinanong'oneza abambo mfumu kuti athire pang'onopang'ono. Akatekisiti anandiyang'ana ndi diso limene ndimalikumbukirabe mpaka lero. Koma ine ndinali wokondwa zedi, chifukwa batani likangolira kuti tcha, mtima wanga nawo unkati tcha.

Titatuluka ndinawaimika apongozi padzuwa, jekete yomanga mabatani onse, mwana m'manja. Ndinawajambula kakhumi. Kenako ndinajambula akazi anga, amayi a ubatizo, alamu anga, ndi aneba onse amene anatiperekeza. Kanambala kowerenga zithunzi kanafika pa 36 n'kuima, koma chokokera chija chinkangokokekabe mofewa bwino. Munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinati ogulitsa filimu andiikira banyira. Ndinapitiriza kujambula mpaka mayi wogulitsa mandasi pa geti, amene anayamba wapempha kuti akonze kaye duku.

Alendo atadya n'kuyamba kubalalika, ndinakwera minibasi wa ku Chilomoni kukadzionetsa kwa anzanga atsopano. Ndinawapeza asanu pakhonde.

"Madoda," ndinatero ndisanakhale n'komwe, "filimu yanga ndi yodalitsika. Ndajambula zithunzi zopitirira makumi asanu ndipo sinathebe."

Palibe anaseka. A Kambwiri anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono. Che Amadu anangotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kamera. Anakoka chokokera chija kamodzi, diso lili pa kachitsulo ka kumanzere. Kachitsuloko sikanagwedezeke. Anakokanso. Phee. Kenako anatsekula chitseko cha kumbuyo kwa kamerayo poyera, dzuwa likuwala.

"Muwononga zithunzi zanga!" ndinakuwa.

Anandionetsa m'kati. Lilime la filimu linali gone pomwe ndinalisiya m'mawa, kutali ndi mano aja.

"Filimu yanu ikadali yatsopano, achimwene," anatero Che Amadu modekha. "Sinapiteko kutchalitchi."

Ndinakhala pansi pa simenti, ngakhale mpando unalipo. Manyazi analipo, koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali nkhope ya apongozi ataima padzuwa paja, akuyesetsa kuwongola msana kuti aoneke bwino. Basi yawo inali ya m'mawa mwake. Ndinawafotokozera madodawo zonsezi, n'kudikira kuti andiseke.

A Kambwiri sanandiyang'ane n'komwe. Anatuluka pabwalo n'kuyang'ana kumwamba.

"Dzuwa latsala la ola limodzi ndi theka," anatero. "Valani nsapato nonse. Che Amadu, ikani filimuyo bwinobwino."

Tinadzaza mpando wakumbuyo wa minibasi, madoda asanu ndi ine, aliyense kamera m'khosi, moti kondakitala anafunsa ngati kwachitika ngozi kwinakwake. Tili m'njira a Kambwiri anandigwira bondo.

"Musadzione ngati ndinu oyamba. Ine ndinajambulapo ukwati wonse ku Bangwe, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani, filimu ili chigonere. Chaka chathunthu Bangwe ndinkangomumvera pa wailesi."

Wina anati iye zinamuchitikira pa chinkhoswe cha mlongo wake weniweni. Winanso anati pa mpira. Tonse tinayang'ana Che Amadu, amene ankangoona panja pa zenera.

"Ine kawiri," anatero osacheuka.

"Mwaona?" anatero a Kambwiri. "Amene sanajambulepo mphepo timangomulemekeza ngati mlendo. Inu lero mwalowa m'nyumba."

Tinasintha minibasi m'tauni n'kufika ku Zingwangwa dzuwa litapendeka. Pakhomo panali zii. Apongozi anali akuwodzera pansi pa mtengo, jekete atavula, nsapato atavula. Kamkanjo koyera ka ubatizo kanali pa chingwe kakudontha madzi, poti mwini wake anali atakachitapo zake. Ine ndinatsekula pakamwa kuti ndiulule mlandu wanga, koma a Kambwiri anandidutsa, n'kunyonyomala pamaso pa apongozi akuomba m'manja mwaulemu.

"Pepani bambo takudzutsani. Ife ndife anzawo a akamwini anuwa. Pagulu pathu tili ndi mwambo. Munthu akajambula filimu yake yoyamba, akuluakulu timabwera kudzamujambula iyeyo pamodzi ndi banja lake, chifukwa wojambula saoneka pachithunzi."

"Pyadidi, pyadidi," anatero apongozi m'Chisena chawo, akufunafuna nsapato. "Mwambo wabwino umenewo."

Ndinalowa m'nyumba n'kupeza akazi anga akupemerera makala a nsimbi kuti aumitse kamkanjo kaja. Sanadzutse mutu.

"Bambo a Domingo, mwambo umenewu unayamba liti?"

"Lero," ndinayankha chapansipansi.

"Ndinadziwa," anatero. "Gwirani mwanayu, ndipo musayankhulenso kanthu."

Madoda aja anagwira ntchito ngati ali pa ukwati wa mwana wa nduna. Awiri anatambasula nsalu yoyera ya pabedi kuti ibweze kuwala kumaso kwa apongozi. Wina anachotsa ndowa ndi tsache kumbuyo. Kenako yemweyo ankaliza makiyi kuti mwana ayang'ane kutsogolo. Apongozi anakhala pa mpando wandalema mwana ali pamiyendo, ndipo mwanayo, amene kutchalitchi anangogona, tsopano anali maso, atagwira ndevu za agogo ake ndi manja onse awiri. A Kambwiri anandikankha kuti ndikaime kumbuyo kwawo. Che Amadu anadina batani, n'kukoka chokokera, ndipo ine ndili chiimire pomwepo ndinakaona kachitsulo kaja kakuzungulira. Sindinaonepo chinthu chokongola choncho.

Apongozi ananyamuka m'mawa mwake, chithunzi n'kuwatsatira patapita masiku angapo, chachikulu, chili mu felemu imene anakhoma a Kambwiri okha. Za kutchalitchi sanafunseko. Amene anafunsa ndi ena onse aja. Kwa miyezi ingapo yankho langa linali lakuti zikutsukidwa, ndipo amayi a ubatizo akandiona amandifunsabe ngati zinauma.

Khirisimasi yotsatira tinapita kukawaona ku Nsanje. Chithunzi chinali pakhoma moyang'anana ndi khomo, pamwamba pa mtanda wa kanjedza. Tisanamwe n'komwe madzi, apongozi anatuma uthenga kwa aneba kuti abwere adzaone mkamwini wojambula. Anthu atadzaza m'nyumba, anaimirira ndi ndodo yawo n'kuyandikira khoma.

"Uyu ndine. Uyu ndi mnzanga wa dzina. Ndipo amene anajambula chithunzi chimenechi ndi akamwini angawa," anatero, chala chili pa nkhope yanga pachithunzi pomwepo.

Anthu anagwedeza mitu mogoma. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti munthu angajambule bwanji chithunzi iye ataima m'kati mwake manja ali kumbuyo. Ndinakoka mpweya kuti ndikonze nkhaniyo, koma akazi anga anandiponda chala mwamphamvu, ine n'kungoti zikomo.

Ku Blantyre sanakwerenso, monga ananenera. Anamwalira akukhulupirira kuti mkamwini wawo ndi katswiri, ndipo ine sindinawatsutse. Ndikudziwa kuti phunziro lake likanayenera kukhala la kudzichepetsa ndi kunena zoona. Koma ndajambula mafilimu ambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo, onse oyenda bwinobwino, ndipo palibe chithunzi chimene chinanditchukitsa ngati chimenecho.