Tsiku Limene Ndinachotsa Chiletso pa Thumba

Nkhani iyi mkazi wanga Luisa amaikamba pa ukwati uliwonse umene tapitako, ndipo chaka chilichonse amaithira mchere wina. Ndiye ndati bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndiwasenze ndi mutu wanga.

Zinachitika ku Cassacatiza, pamalire a dziko lathu ndi Zambia, zaka zingapo nkhondo itatha. Ine ndinakulira ku Zambia kumene makolo anathawira, ndipo ndinabwerako ndi zinthu ziwiri: Chingerezi chapakatikati ndi matama. Abale anga anapitirira mpaka kwathu ku Mualadzi, koma ine ndinatsakamira pamalirepo chifukwa cha Luisa. Tinakwatirana, ndinakhala mkamwini pakhomo pa amayi ake, Dona Felismina.

Apongozi angawo ndinkawapatsa ulemu wonse umene mwambo umafuna. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, kunjuta, n'kuwapatsa moni nkhope ili kumbali. Zaka zitatu zinatha osakhalapo nawo pamkeka umodzi. Mawu anga opita kwa iwo, ndi awo obwera kwa ine, onse ankadzera mwa Luisa.

Chaka chimenecho ndinali ndi pempho lalikulu. Ndinkafuna andilole kutenga Luisa chitengwa, tikakhale ku Mualadzi kumene bambo anga anandisungira munda. Ankhoswe anali atapangana kale kuti adzakamba nkhaniyi Lamlungu lina madzulo. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kukhala munthu wabwino mpaka tsikulo. Sindinakwanitse.

Chinandisokoneza ndi gemu. Amalume ake a Luisa, oyendetsa lole, anabwera ndi timakina tiwiri tokwana m'manja, tolumikizana ndi kachingwe kotalika ngati mkono umodzi basi. M'gemumo munthu umagwira zilombo, kuzilera, kenaka n'kuzimenyanitsa ndi za mnzako. Kamakina kamodzi kankakhala kwa ine, poti ndine ndinkawerengera anthu Chingerezi chake. Kachiwiri kankakhala kunyumba kwa apongozi, kumene kunkakhala alamu anga a Fernando, achimwene ake a Luisa. Lamlungu lililonse tikatuluka Misa tinkasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kapela, amuna akuluakulu a ndevu zathu, kukanganirana tizilombo ta pagalasi. Mayina awo enieni anali opotokola lilime, ndiye tinazitcha athu.

Changa chinali Chimoto, chinjoka cha mapiko cholavula moto. Chikalavula kamodzi, chilombo cha mnzako chagwa, gemu yatha, wina abwere. Anthu anayamba kugwa ulesi. Komiti yathu, imene tcheyamani wake anali a katekista a Zulu, inakhala pansi n'kuletsa Chimoto.

Panalinso china choletsedwa, Thumba. Limeneli linali lonenepa, lopanda khosi, ndipo kumenya silinkakudziwa kwenikweni. Linkangodzilimbitsa, kugona, n'kudzuka litachira. A Fernando analisewera tsiku lina mpaka mapilya, mabatire a kamakinako, anatha, a katekista anaphonya nkhomaliro, ndipo Thumba analiletsa tsiku lomwelo popanda ngakhale kuvota.

Ziwirizi zitachoka, aliyense anathamangira chilombo chimodzi chooneka ngati nkhanu. Nkhanu kumenyana ndi nkhanu, Lamlungu ndi Lamlungu. Gemu inazizira, ndipo ine ndinaona mpata. Ndinaimirira pamaso pa komiti, manja kumbuyo.

"Akuluakulu," ndinatero, "gemu imafuna balansi. Mtendere unabwera, aliyense anabwerera kwawo, wa mbali iyi ndi wa mbali iyo, ndipo palibe amene anamutsekera chitseko. Nanga zilombo ziwirizi zinalakwanji kuti zikhalebe kunja? Zamphamvu zikabwerera zonse, zizichepetsana mphamvu zokhazokha, nkhanu nayo ipume."

Mawu onsewa sindinkakhulupirira ngakhale limodzi. Ine ndinkangofuna Chimoto changa. Thumba ndinalitchula kuti anthu asandione dyera. Koma a katekista anavula magalasi n'kupukuta m'maso, komiti inawomba m'manja, ndipo anagamula kuti Lamlungu lotsatira, tikatuluka Misa, Chimoto ndi Thumba zikumane potsegulira. Linali Lamlungu lomwe lija la ankhoswe. Ndinaona ngati mwayi: masana ndikhale champiyoni, madzulo ndilandire mkazi.

Lolemba Luisa anabwera kuchokera kwa amayi ake.

"Kunyumba akufunsa ngati n'zoona kuti Thumba labwerera."

Pajatu mlamu ndi munthu woseka naye. Ukhoza kumunyoza mmene ungafunire, iye n'kukubwezera, palibe mlandu. Ndiye ndinamasuka.

"Labwerera. Ukawauze eni ake a Thumba kuti adzabwere ndi mkeka, chifukwa iwo ndi chilombo chawo ntchito yawo ndi imodzi, kudya ndi kugona."

Luisa anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndikanene choncho?"

"Liwu ndi liwu."

"Eni akewo mukuwadziwa, a Phiri?"

"Ndimawadziwa mpaka mkonono wawo."

"Komatu ine ndimati ndikuuzeni kuti..."

"Usawaikire kumbuyo chifukwa ndi magazi ako. Pita."

Luisa anati "chabwino" mofatsa kwambiri, n'kupita. Atabwerako anati, "Akuti zikomo, mkeka adzabwera nawo."

Yankho laulemu choncho linandiwonjezera moto. Lachitatu ndinatumanso uthenga: "Ukawauze kuti mimba ya Thumba ndi ya eni ake anaziumba tsiku limodzi." A Fernando analidi ndi kamimba. Luisa anagwira pakamwa, ine n'kumati nthabwala yanga yamukomera. Yankho linabwera madzulo ake.

"Akuti mimbayo ndi ya chimanga chimene mumalima inu m'munda mwawo, ndiye akuthokoza, mupitirize."

Apa ndinapsa mtima pang'ono, chifukwa zinali zoona kuti khasu lalikulu m'munda wa pakhomopo linali langa. Lachisanu ndinatuma uthenga womaliza, anthu akumva pa chigayo: "Ukawauze kuti Thumba likagonjetsa Chimoto, ine ndidzawatungira madzi sabata yathunthu, ndowa pamutu, masana dzuwa likuswa mtengo."

"Akuti ndowa ilipo," anatero Luisa atabwerako.

Loweruka ndinakumana ndi a Fernando enieniwo akupopa njinga. Ndinati, "Alamu, mwakonzeka kugona?" Iwo anaseka mpaka pampu inagwa, n'kungoti, "Alamu, tionana mawa." Ine ndinati kumeneko ndiye kuseka kwa mantha.

Lamlungu tinatuluka Misa, anthu anadzaza pansi pa mango kuposa masiku onse. Panali ngakhale amayi a kwaya, amene sankabwerako n'komwe. Sindinadabwe, ndinati mbiri ya Chimoto yafika patali. Ndinakhala pampando, kuika mapilya atsopano, n'kuyamba kuwongola zala.

A Fernando anafika manja ali m'thumba.

"Kamakina kali kuti, alamu?"

"Kali ndi eni ake."

Anapatuka pang'ono. Kumbuyo kwawo kunali Dona Felismina, mpango wa Misa udakali kumutu, mkeka m'khwapa, kamakina atakamanga pa nsonga ya chitenje, kambale kachitsulo m'manja.

"Ine Thumba ndinalisiya tsiku lomwe analiletsa lija," anatero a Fernando mokweza kuti onse amve. "Amayi ndi amene akhala akulilera, kumunda polondera anyani."

Miyendo yanga inaganiza msanga kuposa mutu. Ndinangozindikira ndatsika pampando, ndanjuta, nkhope yaloza kutchire. M'mutu munkabwera mauthenga anga limodzi ndi limodzi: mkeka, mkonono, mimba. Ndinayang'ana Luisa. Iye ankayang'ana mango m'mwamba ngati akuwawerenga.

"Pepani, a katekista," ndinanong'ona, "mutu wandigwira mwadzidzidzi."

"Munati aliyense abwerere, a Phiri," anatero a Zulu. "Abwerera."

Kenaka panabuka vuto limene opanga gemuyo sanaliganizire. Kachingwe kaja n'kamkono umodzi, ndipo mkamwini sangakhale maso ndi maso ndi apongozi ake, mawondo kugundana. Komiti inakambirana mozama. Pomaliza anamanga chitenje panthambi, apongozi anayala mkeka wawo mbali iyo, ine mbali ino, kufulatirana, kachingwe n'kudutsa pansi pa chitenjecho. Luisa anakhala pambali kuti azinyamula mawu.

Ndinaganiza mwachangu. Ndikawagonjetsa pagulu, madzulo ankhoswe akanena chiyani? Ndinatsimikiza zosewera mofewa, ndiluze mwaulemu, anthu aone kuti ndachita dala. Ndinayamba ndi kukanda pang'ono ndi zikhadabo.

"Akuti musawamvere chisoni," anatero Luisa. "Akuti mkeka abwera nawo, akudikira moto."

Anthu anaseka, ine magazi anakwera. Ndinadina moto. Galasi lonse linayera, Thumba linatsala ndi kamoyo kochepa, koma silinagwe. Kuseri kwa chitenje ndinamva kanthu kakugwa m'mbale yachitsulo, kho. Thumba linagona, n'kudzuka litachira.

Ndinadinanso. Kho. Thumba linadzilimbitsa. Kachitatu moto unangolidya theka. Kho. Apa za ulemu ndinali nditaziiwala, thukuta likutsika m'khosi, ndikudina ndi mphamvu ngati batani likumva. Kachinayi, kho. Kachisanu, kho.

"Akuti moto wanu watha," anatero Luisa.

Ndinayang'ana pagalasi. Zinali zoona. Moto waukulu wa Chimoto unkatheka kasanu kokha pa nkhondo imodzi. Zinalembedwa pomwepo m'Chingerezi, pakona, ndipo ine mwini Chingerezi sindinaziwerengepo, chifukwa palibe chilombo chinapirirapo kufika kachiwiri. Apongozi, amene Chingerezi sachidziwa ngakhale moni, anazitulukira okha kumunda pomenyana ndi zilombo za m'gemumo, ndipo ankawerenga moto wanga ndi njere za chimanga.

Zotsatira zake zinatenga nthawi. Thumba linkawomba Chimoto kapama kamodzi, n'kupuma. Kapama kena, n'kugona. Chimoto changa chinkangokanda ngati nkhuku. Apongozi sanafulumire ngakhale pang'ono, ndinkawamva akung'ung'udza nyimbo ya pa Misa. Chimoto chitagwa, amayi a kwaya analulutira mpaka agalu a pamalire anayankha.

Kunena zoona, pansi pa manyazi onsewo ndinachita nawo chidwi mayi amenewa, ndipo mpaka lero ndimawagomera. Anayenda wapansi kuthawa nkhondo ndi ana anayi, anaima pamizere ya chakudya kumsasa wa othawa kwawo zaka zambiri osakankhana ndi munthu, anabwerera n'kupeza tchire pamene panali nyumba yawo, n'kuyambanso. Munthu wotere ine ndinkati ndimuopseza ndi moto wokwana kasanu. Ndiponso zimene ndinanamiza komiti zija zinapezeka zoona. Kuyambira tsikulo Chimoto chinkaopa Thumba, Thumba linkavutika ndi chilombo china chaululu chimene aliyense ankachinyoza, nkhanu inapuma, ndipo pansi pa mango panadzazanso.

Koma nthawi imeneyo za balansi sizinali m'mutu mwanga. Ndinkaganiza za munda wa ku Mualadzi, ndi ankhoswe amene anali kale panjira kudzapempha mwana wa mayi amene ndinawanena mimba. Ndinadziwa kuti chitengwa chapita.

"Luisa," ndinatero, "uwauze amayi kuti ine ndimayesa ndi alamu. Uwauze kuti..."

"A Phiri."

Sanali Luisa. Mawuwo anachokera kuseri kwa chitenje. Kanali koyamba m'zaka zitatu apongozi kundilankhula okha.

"Wawa, amayi."

"Zimene munanena ku komiti zija anandiuza. Zoti aliyense abwerere kwawo, asatsekeredwe chitseko. Anali mawu abwino, ngakhale munawanena ndi mtima wakuba."

"Wawa."

"Inunso kwanu ndi ku Mualadzi, ndipo mwachedwa kubwerera. Ankhoswe akabwera adzangomwa thobwa. Mwana wanga mupite naye."

Misozi inalengeza, osanama. Ndinawomba m'manja mwaulemu, ndikufunafuna mawu othokozera oyenera mayi wamtima wotere. Ndisanawapeze, dzanja linatulukira pansi pa chitenje n'kusolola kachingwe.

"Mupite naye sabata yamawa ikatha. Ndowa ili pakhonde."

Ndinatunga madziwo masiku asanu ndi awiri, ndowa pamutu, madalaivala a malole akundiimbira mahutala pamalire, Luisa akuyenda pambuyo panga kuti andiwongolere nkhata. Kuyambira pamenepo, ndisanatsegulire aliyense chitseko, ndimayamba ndasuzumira kuti panjapo paima ndani.