Mwala wa a Napirira

Kuseri kwa mapiri amene sajambulidwa pa mapu a kusukulu kunali dziko lotchedwa Weramani, kumene nkhungu inkatsika m'mawa n'kukhala pamapewa a anthu ngati nsalu yonyowa. M'dzikomo mwana akangosiya kuyamwa ankamupotera nkhata n'kumusenzetsa kamwala, ndipo iye akamakula ankamusinthira mwala wokulirapo. Aliyense ankalima nawo, ankavina nawo pa ukwati, ngakhale kugona ankagona chokhala, atatsamira khoma. Thambo palibe ankalidziwa. Mbalame ankazizindikira ndi zithunzithunzi zoyenda pansi, ndipo mfumu yawo, Ambuye Lilimelozuna, Mwini Nkhungu, Tate wa Makosi Onse, ankangoimva mawu otsika kuchokera kumwamba, okoma ngati uchi.

Kumeneko kunali mtsikana dzina lake Namanyazi, amene munthu akamupatsa moni ankayankha ndi chala chakuphazi, kukanda pansi basi. Kusukulu aphunzitsi ankalakatula, ana n'kumabwereza: "Kulimba mtima ndiko kusenza osafunsa, osadandaula, osatula." Akatero aliyense ankapanga chiganizo chake. Wina ankati, "Atsibweni anali olimba mtima, anaikidwa m'manda ndi mwala wawo," onse n'kuwomba m'manja. Namanyazi chiganizo chinkamukanika, poti mumtima mwake munkangobwera amayi ake, a Napirira, amene mutu wawo unali kumira pang'onopang'ono pakati pa mapewa, khosi likulira ngati bango louma, zala zitachita dzanzi moti chikho chinkangowapulumuka.

"Amayi, kodi sizikupweteka?" anawafunsa tsiku lina akuwasisita msana.

"Iwe, khala chete, makoma ali ndi makutu," anatero a Napirira. "Ukufuna anthu azinena kuti ndinabereka wamantha?"

Linafika Tsiku la Makosi, pamene dziko lonse linkaima m'bwalo phewa ndi phewa, olimba kwambiri ali pakati. Pa tsikuli miyala inkalemera kuposa masiku onse, ndipo akuluakulu ankati ndi madalitso a mfumu akutsikira pamitu. Nduna Indebwana, imene inali ndi kamwala kangati nthudza, inakweza mawu: "Tcherani khutu, inu a makosi osapindika! Mwini Nkhungu waona ndipo wakondwa. Wolimba mtima wa chaka chino ndi mayi Napirira. Mphotho yake, monga mwa mwambo wa makolo, awonjezeredwe mwala wina pamwamba pa umene ali nawo!"

Nthungululu zinamveka. Namanyazi anaona mawondo a amayi ake akunjenjemera, ndipo anadziwa kuti mwala wachiwiri ukangofika, khosi lija lithyoka. Anachita mantha. Komabe anayenda, kudutsa pakati pa zigongono, mpaka anaima pamaso pa nduna.

"Ambuye," anatero, mawu ang'ono ngati a udzudzu, "amayi atopa."

Mawu akuti kutopa anali asanamvekepo pagulu. Ndiye kumwamba kunatsika liwu lozuna lija: "Mwana wanga, mwana wa dziko lopirira, ndani wakubzala mantha? Mitundu yonse imatisirira chifukwa cha makosi athu. Mavuto ndi chisoti cha olimba, ndipo ine tate wanu ndimasenza nanu limodzi, usana ndi usiku."

"Kamwana kamantha aka! Kakukumbanji pansipo ndi chala, mbewa?" inaseka nduna, ena n'kusekanso.

Namanyazi anangopendeketsa mutu, mwala wake n'kugwa pansi kuti phi. Kupepuka kwake kunamuchititsa chizungulire, ngati munthu amene akulota akuuluka. Kenako anagwira mwala wa amayi ake ndi manja onse.

"Namanyazi, usandichititse manyazi pagulu! Siya, mwanawe!"

"Mudzandikalipira kunyumba, amayi," anatero akulira, n'kukankha ndi mphamvu zonse.

Mwala unagubuduka. Pamwamba panamveka kulira kwa matabwa, ndi kamawu kena kosazuna konse: "Mayo ine! Gwirani, gwirani, ndikugwa!"

A Napirira anawongola khosi pang'onopang'ono, likulira thethethe, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana kumwamba. Nkhungu inali itang'ambika. Anaona thambo, lalikulu mochititsa mantha, ndi mbalame zenizeni zamapiko. Cha m'munsi mwake anaona matabwa atayalidwa pamwamba pa miyala ya anthu, ndipo pamatabwapo panali mpando wopendekeka, pampandopo kabambo kakang'ono ka mapazi osalala, kopanda ngakhale nkhata, katakakamira mwendo wa mpando, maso ali psuu.

Anakayang'ana nthawi yaitali, akusisita khosi.

"Mwanawe," anatero, "ndiye zaka zonsezi timasenza kabambo aka?"

"Mayi wolemekezeka, bwererani pamalo panu," kanachonderera kabamboko. "Apa m'patali, sindingathe kudumpha."

Sipanali patali. Unali msinkhu wa munthu mmodzi basi. A Napirira anagwira dzanja la mwana wawo kuti azipita, akupunthwa chifukwa maso anali adakali kuthambo. Asanatuluke m'bwalo, bambo wina wokalamba amene anaima pafupi anakoka Namanyazi nsalu, n'kunong'ona ali chiweramire:

"Mwanawe, manja akadali ndi mphamvu? Nditule nanenso."